Sabata Yowongola Khosi la Gitala

Lolemba

Nkhani ndi iyi. Lamulungu likubwerali kukubwera makwaya a ku Simlemba ndi ku Chisemphere kudzayimba nafe kuno. Dzulo titangoweruka, a Chisale, wapampando wa kwaya yathu, anandikokera kuseri kwa tchalitchi. Akuti, "Akulu, musandimve molakwika. Gitala wanuyu masiku ano akumayimba nyimbo yake, ife yathu. Akapanda kuchira pofika Lamulungu, tiyesako kiyibodi ya aphunzitsi."

Aphunzitsiwo ndi a Mwale, abwera chaka chino. Munthu wabwino, ndilibe naye chifukwa. Koma kiyibodi yakeyo ili ndi ng'oma m'kati, malipenga m'kati, mwina ndi kwaya yomwe ili m'kati momwemo.

Ine ndinayamba kuyimbira kwaya imeneyi gitala mwana wanga Tiyamike asanabadwe, ndipo Tiyamike lero ali ndi ana ake. Malo anga ndi benchi yakutsogolo, pafupi ndi zenera. Akandichotsa pamenepo sindikudziwa kuti munthu Lamulungu amatani. Zikundiwawa, ndisaname.

Koma gitalayo akudwaladi. Matenda ake:
- nsambo zatalikirana ndi khosi, chala chikulowa pansi pake osakhudza kanthu
- ukazikanikiza, zala zimachita ngati wagona ukusoka fodya
- ukachuna bwino kumtunda, ukamatsika akuyamba kunama
- khosi lapindika ngati uta

Chiyambi chake ndi dzinja lapitali. M'nyumba munkadontha, ndiye ndinakamukoloweka m'chigafa pamodzi ndi fodya. Fodya anauma bwino. Gitala ndi uyu.

Wokonza magitala akuti ali ku Lilongwe. Nyengo yodinda fodya ino ndani angapite ku Lilongwe? Komanso ine njinga ndimakonza ndekha, sipuleya ndekha, wailesi ndinaitsekulapo ndipo inalankhula kwa kanthawi. Gitala ndi thabwa ndi mawaya basi.

Madzulo. Ndakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki. Pa foni pali mzungu wandevu amene amaphunzitsa kukonza magitala. Chingerezi chake ndi chothamanga, koma manja ake ndikuwamva bwinobwino. Zosavuta!

Pulani: Lachiwiri kuwongola khosi. Lachitatu kutsitsa nsambo. Lachinayi kupukuta. Lachisanu ndi Loweruka kupuma, kuti a Chisale aziganiza kuti inali ntchito yaikulu.

Amake Tiya akuti, "Bambo a Tiya, fodya akudikira kusankhidwa." Ndawauza kuti fodya sathawa.

Lachiwiri

Wandevu uja akuti m'khosi mwa gitala mumakhala chitsulo chachitali. Ukachipotokola pang'ono ndi kakiyi kopindika kaja ka njinga, khosi limawongoka lokha. Iye wapotokola, wasuzumira ndi diso limodzi, wamwetulira. Ntchito yonse yatha madzi a tiyi asanawire.

Ndapalasa mpaka ku Mtunthama kukabwereka makiyi kwa wokonza njinga. Wandipatsa mpukutu wonse. Akuti, "Gitala wanuyo ndi wa magiya?" Anthu ena nthabwala zawo.

Masana. Ndamasula nsambo, ndawalitsa tochi m'bowo la gitala kufuna mutu wa chitsulocho. Zomwe ndapeza:
- nyumba ya mavu, eni ake kulibe
- mphemvu, eni ake alipo
- tsamba la fodya labwino ndithu, giredi yapamwamba
- kapulasitiki kokhwatchira nsambo komwe ndinamenyera Tiyamike kuti wataya ali mwana

Chitsulo palibe.

Ndasuzumira kumutu. Palibe. Ndagogoda khosi ndi chala, ndamvetsera. Thabwa lokhalokha. Ndayesa ndi maginito a sipika yakale ya wailesi, akugwira timizere tachitsulo tapamwamba tokha, kenako ndazindikira kuti ngakhale timeneto sakutigwira.

Ndiye kuti amene anapanga gitala wanga anayiwala chitsulo, kapena anachiona chodula. Sindikumuweruza. Nanenso pomanga chigafa mitengo ina ndimadumpha.

Ndabwerera pachulu. Wandevu ali ndi vidiyo ina ya magitala opanda chitsulo. Akuti ukatero umatsitsa kafupa koyera kaja komwe nsambo zimatsamirapo, kumimba kwa gitala. Umakazula, n'kukapala kunsi kwake. Wakanyamula m'mwamba, watukula chala chochenjeza, nkhope yasintha, wayamba kunena chinthu chofunika kwambiri. Bandulo yathera pomwepo.

Palibe kanthu. Kupala ndimadziwa.

Fodya lero asankha amake Tiya ndi a Namakhwa. A Namakhwa ndi tenanti wathu, kwawo ndi ku Phalombe, chaka chino ndi chachitatu tili limodzi. Pobwera kudzamwa madzi ayang'ana gitala ali chagada pamkeka, akuti, "Pepani bwana, matenda." Awa ndiye anthu omvetsa zinthu.

Lachitatu

M'mawa. Kafupa katuluka ndi pulayazi mosavuta. Sikafupa n'komwe, ndi kapulasitiki. Zaka zonsezi ndimakalemekeza pachabe.

Wandevu amapala ndi sandipepa pagalasi. Ine ndili ndi tupa yonolera makasu. Tupa ndi yachangu.

Ndapala. Ndabwezera. Nsambo zikadali m'mwamba.
Ndapalanso. Ndabwezera. Zatsikako.
Ndapalanso, poti zikuyenda.

Tsopano gitala akulira ngati njuchi zalowa m'ndowa. Nsambo zakhudza tizitsulo takumunsi, koma pakati pa khosi chala chikulowabe. Ndiye kuti matenda akale alipo, ndawonjezera atsopano. Ndikuganiza kuti chala chochenjeza chija chimanena zimenezi.

Ndayika kakhadi ka mayunitsi pansi pa kafupa kuti kakwere. Njuchi zachepa. Ndayika kachiwiri. Pokanikiza, kafupa kathyoka pakati.

Zinthu zoyera ndi zolimba zopezeka pakhomo pano:
- fupa la mbuzi ya pa Pasaka (galu wakana nalo)
- chipeso
- chogwirira cha mswachi

Chogwirira cha mswachi chakwana ngati anachipangira ntchito yomweyo! Ndachidula ndi sowo, ndachipala, nthawi ino modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chokhacho, ndi chobiriwira.

Madzulo, pulakatisi ya kwaya. Ndapita chimanjamanja. A Chisale akuti, "Nanga odwala?" Ndati ali ku sevisi, atuluka Lachisanu. Aphunzitsi abwera ndi kiyibodi m'chikwama chake cha zipi, batire pa kaliyala. Akuti, "Tingothandizako lero lokha, bambo, podikira inu." Ulemu wonse. Bola akanakhala wamwano, ndikanadziwa pomugwira.

Adina kabatani, ng'oma zayamba zokha. Amayi a kutsogolo, omwe ine ndimachita kuwakoka kuti ayambe nyimbo, lero mapewa ayamba kugwedezeka nyimbo isanayambe. Mayi Nabanda, amene anandiphikira thobwa tsiku limene ndinagula gitala ameneyu, afika pokuwa kuti, "Ikani ija ya malipenga!"

Ndakhala pabenchi yanga, ndikuwomba m'manja mochedwerako dala.

Kunyumba amake Tiya akufunsa ngati wina waona mswachi wawo. Ndati makoswe a chaka chino ndi oopsa.

Lachinayi

Gitala akulira bwinoko ndi mswachi, koma khosi likadali uta. Vuto ndi khosi. Lakhala lili khosi kuyambira Lolemba. Masiku awiri ndakhala ndikuchiza mwendo munthu akudwala mutu.

Bandulo sindigulanso. Wandevuyo magitala ake ndi a kwawo, sanagonepo m'chigafa.

Lero tikudinda. Amake Tiya akundipatsira fodya, ine ndikuyala m'bokosi, a Namakhwa akupotokola jeke. Ndikuyang'ana thabwa likutsika, fodya amene anali phiri akusanduka belo la makona anayi, losalala ngati tebulo. Ndipo nzeru yangofika yokha.

Chopindika chimawongoka ndi kukanikiza. Chokanikizira ndi ichi chili pamaso panga. Anthu a m'mavidiyo amavutika ndi tizitsulo chifukwa kwawo kulibe jeke wa fodya!

Ndawauza a Namakhwa. Asiya chogwirira, aganiza, akuti, "Bwana, jeke ameneyu sanalepherepo chinthu. Mudzi wonse umabwereka." Kenako akuti, "Koma mufewetse kaye. Wouma amafumbutuka."

Zoona zenizeni. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti fodya wouma sagwiridwa. Umadikira chinyontho cham'mawa, kapena umawaza madzi pansi n'kumufunditsa, tsamba lifewe ngati nsalu, ndiye udinde. Ukadinda wouma umapeza fumbi. Thabwa nalo ndi chomera. Kusiyana kwake n'kotani?

Zomwe tachita:
- tachotsa nsambo
- tanyika ziguduli ziwiri m'madzi, tafinya pang'ono
- takulunga gitala yense, mutu wokha uli kunja
- tamugoneka m'chigafa pamthunzi, pomwe timafewetsera fodya

Ine ndimafuna kukulunga khosi lokha. A Namakhwa akuti chinyontho chikalowa mbali imodzi belo limapendama. Ndaona kuti ndi mfundo.

Amake Tiya aima pakhomo la chigafa, manja m'chiuno, ayang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Mukamaliza mundiuze ngati tikuitana abusa." Anthu amaseka poyamba.

Madzulo ndakawazanso madzi. Akufewa bwino. Fungo lake ndi la fodya wa giredi yabwino.

Lachisanu

M'mawa kwambiri, chinyontho chisanachoke. Tavundukula. Gitala wazizira, walemera, vanishi wachita mbuu. Ndakanikiza khosi ndi dzanja, likuvomera pang'ono. Wafewa!

Bokosi tachotsa. Tayala thabwa pansi pa jeke, khosi pamwamba pake chopindikira m'mwamba, thabwa lina pamwamba, nsanza pakati kuti asakandike. Mimba ya gitala ili kunja, yatsamira pa belo la dzulo. A Namakhwa ku chogwirira, ine ndagwada ndi diso limodzi ngati wandevu uja.

Apotokola. Khosi latsika.
Apotokolanso. Latsikanso.
Ndayika chingwe chosokera mabelo m'mbali mwake kuyeza. Chowongoka! Ndi maso angawa, chowongoka ngati mzere wa nazale. Ndaimirira, tagwirana chanza. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanapita kukamwa tiyi.

Koma kuno belo silitha choncho. Belo lililonse likafika pomwe ukuti lakwana, pamakhala kupotokola komaliza, kwa anthu awiri, chifukwa fodya ukamumasula amabwerera m'mwamba. Bambo anga ankatero, ine ndimatero, ku Phalombe nakonso akuti amatero. Ndangopezeka ndagwira mbali ina ya chogwirira, a Namakhwa mbali ina, mapazi tawaponda bwino.

Phwaa!

Si phokoso lalikulu. Ngati munthu waponda chikho.

Khosi lawongokadi, pamenepo ndisaname. Kungoti lili palokha. Guluu wa polumikizira ananyowa, ndiye mimba yangotsetsereka pa belo n'kukagona pansi chafufumimba. Poyitembenuza, kathabwa kogwira nsambo nako katsala m'manja mwanga, mswachi uli pomwepo.

A Namakhwa avula chipewa. Akuti, "Mwina tinafewetsa kwambiri." Ndati mwina.

Ndakhala pa belo kanthawi. Gitala ameneyu wayimba pa ukwati wa Tiyamike, wayimba pa maliro a amayi. Ndamunyamula m'manja awiri, uku khosi, uku mimba. Amake Tiya atola mswachi wawo, auyang'ana, aubwezera pomwepo. Andibweretsera tiyi wa shuga wambiri.

Masana. Kulira sikumata thabwa. Ku Mtunthama. Ndadikira pakhonde la sitolo ya Che Yusufu mpaka abwere kuchokera ku mzikiti. Ndagula guluu wa matabwa. Pakhoma, pamwamba pa matumba a mchere, pali kagitala kamimba yozungulira, akuti mandolini. Kanali ka malemu bambo awo. Ndakhala ndikukaona zaka zonsezi osakafunsa.

Ndafotokoza zonse, kupatula jeke. Che Yusufu akatsitsa, akapukuta ndi mkono wa malaya. Akuti, "Achimwene, tengani mukayimbire Mulungu, palibe vuto. Koma musakakonze. Kali bwino."

Ndalonjeza.

Loweruka

Pulani yatsopano, mbali ziwiri. Gitala wamatidwa dzulo madzulo, wamangidwa ndi malegeni a chubu cha njinga kuyambira kumutu mpaka kumimba. Akauma, ayimba mawa. Akakana, kamandolini kalipo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndikudziwa, koma panopa ndikuvumbwa kale.

Kamandolini kali ndi nsambo zisanu ndi zitatu, ziwiriziwiri. Munthu wa zala zisanu! Ndagwira monga ndimagwirira pa gitala, katulutsa mawu ngati mphaka watsekeredwa m'nkhokwe. Kagwiridwe kake ndi kena. Pakhosi pake m'pothina, zala zanga zitatu zadzaza malo a zisanu.

Komanso kali ndi fumbi la mchere pansi pa nsambo. Kupukuta si kukonza. Ndaganiza bwinobwino, si kukonza.

Ndamasula nsambo zonse kuti nsanza ilowe. Kamtsamiro ka nsambo kagwa pansi.

Kagwa kokha! Sindinakakhudze! Pa gitala kathabwa kameneka kamakhala komata. Pa kamandolini, ndaphunzira lero, kamangokhala, nsambo ndi zimene zimakapanikiza. Panali chizindikiro cha fumbi posonyeza pomwe kanali. Ndinali nditapukuta kale.

Ndakayika pakati. Kakunama. Ndakasunthira kutsogolo. Kakunama mbali ina. Kumbuyo. Komanso sindikudziwa kuti mbali yokwera imayang'ana ku nsambo zazikulu kapena zazing'ono. Pochuna, nsambo yaing'ono yaduka, yandikwapula patsaya. Inzake yaitsatira. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Ndamasula waya wa buleki ya njinga, ndasolola tiwaya tiwiri, ndayikamo. Patali sizikuoneka. Njinga tsopano ili ndi buleki yakumbuyo yokha.

Zomwe ndikapite nazo kwa Che Yusufu Lolemba:
- kamandolini
- tambala wofiira uja, wamoyo, akazinge okha
- nkhope

Madzulo. Ndamasula malegeni pa gitala. Wagwira! Ndamugwedeza, ali chimodzi. Ndamangirira nsambo, ndayamba kuchuna pang'onopang'ono. Yoyamba. Yachiwiri. Khosi lowongoka, nsambo zili pafupi, chala chikungokhudza. Ndakhwatcha kamodzi, ndipo mawu amene atuluka sindinawamvepo chigulireni. Oyera, okoma. Amake Tiya atulukira pakhomo ndi chipande m'manja.

Ndayamba nyimbo yolowera ya mawa. Mzere woyamba bwinobwino. Mzere wachiwiri mawu ayamba kutsika okha. Ndayang'ana: khosi likuwerama pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira. Lawerama mpaka lagwada.

Pa chitini cha guluu analemba kuti munthu adikire nthawi yaitali bwanji, komanso kuti thabwa likhale louma. Ndawerenga tsopano.

Ndatuma uthenga kwa a Chisale kuti odwala sanatuluke. Ayankha msanga kwambiri. Akuti, "Musadandaule akulu, tinakonzeka kale."

Lamulungu

Ndavala jekete. Ndayenda wapansi, poti njinga ya buleki imodzi ndi jekete sizigwirizana. Kumsana kukupepuka modabwitsa, ndikumangotembenuka ngati ndayiwala kanthu.

Tchalitchi chadzaza, ena ali m'mazenera. A ku Simlemba abwera pa lole, a ku Chisemphere ndi mayunifolomu atsopano. Pabenchi yakutsogolo, pafupi ndi zenera, pali kiyibodi. Akuti pamenepo m'pomwe waya wa sola amafika. Aphunzitsi aimirira kundipatsa moni ndi manja awiri, akuti, "Bambo, khalani pambali panga muzindiwongolera." Ndathokoza. Ndati ndikathandize a besi kumbuyo, akuchepa.

A besi sakuchepa. Andisunthira malo kumapeto, theka la thako lili m'malere.

Ndapemphera zinthu ziwiri. Choyamba, kuti ndikhululukidwe. Chachiwiri, kuti batire ithe. Sindikudziwa za choyambacho, koma batire yagwira mpaka madzulo.

Kwaya yathu yayimba bwino kuposa onse. Palibe amene wathamanga, palibe amene watsika. Alendo aimirira, nthungululu mpaka kunja. Ndadikira kuti wina afunse za gitala. Ndinakonza yankho labwino panjira, la chinyontho cha chaka chino. Palibe wafunsa.

Pakati pa nyimbo yachitatu, mkulu amene ndakhala naye pafupi wandigunda ndi chigongono. Akuti, "Mwalumidwa ndi chiyani pamwendopo?" Ndayang'ana. Dzanja langa lamanzere lili pa bondo, zala zikusintha zokha pa thalauza, malo ake enieni, nthawi yake yeniyeni, osaphonya. Ndaliyika m'thumba la jekete. Likupitiriza momwemo.

Potuluka a Chisale akuti mawu anga a besi ndi chuma chimene chinabisika. Akuti pulakatisi ndi Lachitatu monga mwa nthawi zonse, ndisavutike kunyamula kanthu.

Ndipita.

Kiyibodi ija imamveka bwino. Ndalemba pano kuti ndisadzanene ndi pakamwa.